Anasiyidwa pa Mlatho

Mndandanda wa mayina unabwera Lachiwiri m'mawa, ndili pakati posalaza chiliza cha mwana wa wogulitsa makala. Anaubweretsa ndi a Sajeni eni ake, atavala jekete lawo lakuda lija, kumbuyo kwawo kukubwera a Hedimasitala atakumbatira chikwama ngati khanda. A Sajeni anali wapampando wa komiti yomanga chipilala chokumbukira anyamata a m'tauni mwathu amene anafera kunkhondo. A Hedimasitala anali mlembi.

Ine ndimasema ziliza. Ndi ntchito imene bambo anga anandisiyira, pamodzi ndi shedi ya malata, matchizulo khumi ndi awiri okulungidwa m'chikopa, ndi chifuwa cha fumbi. M'tauni yonse palibenso wina wodziwa kulemba pa mwala, choncho ngakhale amene sandikonda amabwera ndithu maliro akawagwera.

"Amisiri," anatero a Sajeni osapereka n'komwe moni, "mwala ukufika Loweruka. Mayina ndi awa. Tikufuna zilembo zowongoka, osati zokhala ngati papalasa nkhuku."

Ndinapukuta manja pa epuloni n'kulandira pepalalo. Pamwamba penipeni panali dzina la mng'ono wawo wa a Sajeni. Ndinatsika ndi chala mpaka pansi, n'kubwereranso pamwamba, n'kutsikanso. Mayina makumi awiri ndi atatu.

"Latsala limodzi," ndinatero.

A Hedimasitala anayamba kufunafuna chinthu m'chikwama mwawo.

"Palibe latsala," anatero a Sajeni.

"Achimwene anga ananyamuka pa lole imodzi ndi inu. Sanabwerere."

"Mwanawe, chipilalachi n'cha ngwazi. Othawa akafuna chawo akamange kutchire kumene anathawira."

Mwanawe, kwa ine wa zaka makumi anayi ndi zinayi, ndili ndi mdzukulu. Nyundo inali pa benchi, pafupi ndi dzanja langa. Ndinaiyang'ana, a Hedimasitala n'kuona kuti ndaiyang'ana, anasuntha kuyandikira khomo.

"Ndamva, bambo," ndinatero. "Ndidzasema."

Achimwene anga anthu ankawatcha Wamanzere, chifukwa nyundo ankaigwirira kumanzere, supuni kumanzere, ngakhale popereka moni ankaiwala n'kutambasula lamanzere, amayi n'kuwamenya padzanja. Ndi iwo amene ankayenera kulandira shediyi, osati ine. Anapita kunkhondo ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ine ndili ndi khumi ndi zitatu. Patatha chaka ndi miyezi, mabanja ena analandira makalata akuti mwana wanu wafa chamuna. Ife tinalandira yakuti mwana wanu anathawa pamalo pake pa mlatho wina, anzake n'kuphedwa chifukwa cha iye, ndipo kumene ali sikukudziwika. Pansi pake anasaina a Sajeni ndi mboni ziwiri.

A Sajeni atabwerako, amayi awo anafika pageti pathu dzuwa lili paliwombo, n'kuima pamenepo ola lathunthu akutukwana mimba imene inabala wamantha wophetsa mwana wawo. Kumbuyo kwawo kunaima mkazi wa malemuyo, mng'ono wa a Sajeni uja, mtsikana amene anali atangokhala pabanja miyezi inayi mwamuna wake asanapite. Iyeyo sanatukwane, koma kuyambira tsiku limenelo akakumana ndi amayi anga ankawoloka msewu. Sanakwatiwenso, ndipo mpaka lero anthu amangomutcha Wamasiye ngati kuti m'tauni muno wamasiye ndi iye yekha.

Ife tinasanduka a kwa wothawa. Kusukulu anyamata akandiona ankakuwa kuti "Adani! Adani!" n'kumwazikana akuseka. Bambo anasiya kupita kutchalitchi, anasiya kukhala pabawo, amangochoka kunyumba kupita kushedi, kuchoka kushedi kupita kunyumba, mpaka anamwalira. Amayi sanamwalire. Ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu mphambu chimodzi, maso anachita khungu, koma lilime likadali lezala.

Masana a tsikulo nditawauza za mndandandawo, anakankha mbale ya chakudya.

"Ndiye wavomera?"

"Ndavomera."

"Ukasema mayina awo la mwana wanga palibe, m'nyumba muno usadzalowenso. Usaganize kuti poti sindiona sindidzakudziwa. Ndidzakumva fungo la fumbi."

"Amayi, ndikakana akatenga wina kumzinda, ife n'kumangoonera patali. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ndadekha zaka makumi atatu ndi chimodzi. Nkhono yakoyo ilibe maso."

Kunena zoona, ndinalibe nzeru iliyonse. Ndinangofuna kuti mwalawo ukhale m'manja mwanga. Unafika Loweruka, wakuda, wautali kuposa chitseko, amuna khumi akubuula poutsitsa. Ndinaugoneka pa matabwa, n'kujambula mizere ndi choko. Pamwamba panali mawu amene komiti inasankha: ANA ATHU AMENE ANAPITA KUNKHONDO OSABWERERA. Pansi pa mawuwo a Sajeni ankafuna chithunzi cha lipenga ndi mfuti zopingasa, ndiye ndinasiya mpata waukulu ngati zikhatho zitatu, ndinati chithunzicho ndidzasema mwalawo utaimikidwa kale kuti chisadzakalike pounyamula. Mayina ndinayambira pansi kupita m'mwamba, kuti la mng'ono wa a Sajeni likhale lomaliza. Ndinali nditaona kuti kungosintha chilembo chimodzi, dzinalo likhoza kusanduka mawu osatchulika pamaso pa apongozi. Milungu iwiri ndinkagogoda mayina a ana a eni ndikuganizira chilembo chimenecho, ndipo chinkanditsekemera.

Lachinayi la mlungu wachitatu kunabwera a Telala. Ndi bambo wa mwendo umodzi amene amasoka pakhonde la sitolo ya zitsulo, moyang'anizana ndi chigayo. Mwendo winawo anausiya kunkhondo komweko. Komiti inawapatsa ntchito yosoka nsalu yophimba chipilala mpaka tsiku lotsegulira, ndiye anabwera ndi tepi m'khosi kudzayeza. Anatsamiritsa ndodo zawo zoyendera pa benchi, nayeza m'litali ndi m'lifupi, n'kulemba pachikhatho. Kenako anayamba kuwerenga mayinawo, milomo ikugwedera. Atafika pansi anakhala pa thumba la simenti ngati munthu amene wamva chizungulire.

"Ndikupatseni madzi?" ndinafunsa.

"Ayi, achemwali. Ndimaganiza kuti mwina pano, patapita zaka zonsezi, alamu aika."

A Sajeni anali alamu awo. Anakwatira mlongo wawo wa a Telala, amene tsopano ndi malemu.

"Aika chiyani?"

"Wamanzere."

"Othawa sawaika," ndinatero ndikugogodabe.

"Sanathawe."

Ndinaika nyundo pansi. A Telala anayang'ana phazi lawo limodzi lija, n'kuyamba kulankhula nalo.

"Tinali pa mlatho, atilamula kuti tibwerere m'mbuyo. Ine chipolopolo chinali chitandiswa bondo. Wamanzere ndi amene anandinyamula, mtunda ngati kuchoka pano kukafika kuchigayo, n'kundiponya m'lole. Ndinamugwira malaya, ndati kwera. Akuti ayi, mng'ono wa a Sajeni wagona uko, akupumabe. Mfuti zikulira choncho, iye n'kubwerera. Ndinamuona akubwera atamubereka kumsana, akuthamanga chopendekera muja ankathamangira. Anatsala pang'ono, achemwali, ngati pano ndi pamsewu apo. Bomba linagwa kutsidya, alamu n'kumenya chitseko cha lole, akuti dalaivala tiye. Ndinakuwa, ndati a Sajeni, mng'ono wanu uyo! Anatembenuka. Anawaona. Akuti tiye."

"Ndiye?"

"Ndiye tinapita. Anatithamangirabe, osamutsitsa mnzakeyo, mpaka fumbi linawabisa."

Pamsewu panadutsa ngolo ya abulu. Ndinaimva mpaka inakhota.

"Mboni ziwiri zija," ndinatero.

"Dalaivala ndi ine. Alamu anabwera nalo pepalalo kuchipatala, mwendo atangoudula kumene. Akuti kunyumba ndikawauza chiyani amayi? Kuti ndasiya mwana wa bere limodzi pamsewu? Akuti Wamanzere wafa kale, sizimupweteka. Dalaivala uja mowa unamutenga kalekale. Ndatsala ine."

"Yunifolomu yanga ya sukulu munasoka ndinu," ndinatero. "Diresi langa la ukwati munasoka ndinu. Suti imene tinawaveka bambo m'bokosi munaibweza ndinu, poti anali ataonda. Nthawi zonsezo munali ndi mapini kukamwa, n'chifukwa chake simunanene?"

Anayamba kulira. Ine ndinatenga ndodo zawo zonse ziwiri, ndinatuluka nazo panja, n'kuziponya kutsidya kwa ngalande.

"Achimwene anakunyamulani kamodzi. Lero dziyendereni."

Anadzuka, nayamba kudumpha, akugwira chiliza ichi, kugwira icho, mpaka pakhomo. Pa ngalande anakwawa. Ndinaima ndikuwaonerera, manja m'chiuno, ndipo sindinamve chisoni ngakhale pang'ono. Atatola ndodozo ndinawaitana.

"Mudzanena zimenezi pagulu."

"Sindingathe, achemwali. Ana a mlongo wanga adzandiona bwanji?"

"Ndiye sokani nsalu yokhuthala, yosaonekera mkati. Ndipo mukauze komiti kuti mudzaivundukula ndinu, poti munali komweko. Ndikufuna mudzaime pafupi."

Mawa lake ndinasema dzina la mng'ono wa a Sajeni. Sindinasinthe chilembo chilichonse. Ndinalisema bwino kuposa ena onse, chifukwa achimwene anga sanamutsitse munthu ameneyo, ndiye ine ndikanamunyoza bwanji? Mkwiyo wanga unali utapeza khomo lake lenileni.

Komiti inabwera kudzaona ntchito. A Sajeni anawerenga kawiri, akuyendetsa nsonga ya ambulera pa mizere, ndipo anati, "Mwayesetsa. Mwaona, munthu ukasiya makani ntchito imakoma." Ndinawathokoza mogwada pang'ono. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mwalawo anauimika pamphambano, kutsogolo kwa holo, pamene pamadutsa aliyense wopita kumsika, kuchipatala kapena kudepoti. Ndinapempha kuti auzungulize ndi malata kwa masiku atatu, ndinati ndiseme chithunzi chija ndi kupaka utoto wagolide fumbi lisakulowerera. Kiyi wa loko ndinasunga ndine.

Masiku atatu amenewo ndinagwira ntchito nditaima pa mgolo, dzuwa likuwotcha malata, thukuta likulowa m'maso. A Hedimasitala anagogoda kamodzi, ndinawauza kuti utoto sunaume ndipo mthunzi wa munthu umauwononga. Munthu wophunzira chonchija anakhulupirira. Madzulo a Lachisanu a Telala anabwera ndi nsalu. Ndinawatsegulira, anayang'ana m'mwamba, anawerenga, nkhope yawo n'kutuwa ngati phulusa.

"Achemwali, akumangani."

"Mangani nsalu, ndikuthandizeni."

Loweruka m'mawa, tsiku lotsegulira chipilala, panali matenti awiri, ana a sukulu atandanda m'mbali mwa msewu, gulu la malipenga, ndi mlendo wochokera kulikulu la asilikali, bwana wa nyota zambiri koma wamng'ono, amene nthawi ya nkhondoyo ayenera kuti ankakwawa. Mabanja a malemu anawakhazika kutsogolo. Ife mpando sanatisungire, ndiye ndinanyamula wa kunyumba n'kuwakhazika amayi kumapeto kwa mzere woyamba, pafupi ndi Wamasiye, amene anasuntha mpando wake pang'ono. Amayi sindinawauze kanthu. Ndinangoti, "Tiyeni mukamve, mukatero mundithamangitse bwino."

A Sajeni anavala mamendulo onse. Analankhula nthawi yaitali za kulimba mtima, za mmene msilikali weniweni sasiya mnzake, ndipo anthu anawomba m'manja. Kenako ananena kuti mayina awerenga kuchokera pamwala pomwepo, osati papepala, kuti anthu aone kuti maso akadalipo. Lipenga linalira. A Telala anayandikira, namasula mfundo, nsalu n'kugwa.

A Sajeni anakweza chimkuzamawu. "Ana athu amene anapita kunkhondo osabwerera," anawerenga. Kenako maso awo anatsikira pa mzere wotsatira, n'kuima pomwepo.

Pamene ankayembekezera lipenga ndi mfuti panali dzina lonse la achimwene anga, lagolide, lalikulu mofanana ndi enawo. Pansi pake ndinalemba mizere iwiri ya zilembo zing'onozing'ono: LOLE INAMUSIYA PA MLATHO ATABEREKA KUMSANA MNZAKE WALEMBEDWA PANSIPA.

A Sajeni anatsokomola, n'kutchula dzina la mng'ono wawo, n'kupita pa lachitatu. Koma ana a sukulu sabisa kuti amatha kuwerenga. Anali atayamba kale kutchula mokweza, chilembo ndi chilembo, ndipo mawuwo anayenda m'matenti ngati moto wa udzu. Anafika m'makutu mwa amayi. Anandigwira mkono, zikhadabo kulowa m'khungu.

"Akuti chiyani anawa? Akutchula ndani?"

"Akutchula mwana wanu, amayi. Ali pamwamba."

Amayi anadzuka okha, osagwira ndodo.

"Mwadumpha!" anakuwa. "Inu a mamendulo, mwadumpha dzina!"

"Pali kulakwitsa pang'ono," anatero a Sajeni pa chimkuzamawu. "Mmisiri wathu wachita za mwano, komiti ikonza. Tipitirize."

Amene anawaletsa kupitiriza si ine. Ndi Wamasiye. Anadzuka ndi nkhata yake ya maluwa, napita pamwala, nawerenga mizere iwiri ija chala chili pa dzina la mwamuna wake. Anatembenuka.

"Alamu, lole iti?"

"Mlamu, khalani pansi. Ndi bodza la anthu a nsanje."

"Munandiuza kuti anafera pomwepo, chipolopolo cha m'mutu, sanamve ululu. Munati munamutseka maso ndi dzanja lanu. Lole iti, alamu?"

A Sajeni anayang'ana a Telala. Ine ndinayang'ananso a Telala. Munthuyo anaima pakati pathu nsalu ili kuphazi, akutuluka thukuta ngati walowa m'mvula. Sindikudziwa chimene chinawatsegula pakamwa, kaya ndi maso anga, kaya ndi a Wamasiye. Anayamba motsitsa, bwana wa kulikulu uja n'kutenga chimkuzamawu m'manja mwa a Sajeni, n'kuwagwirira pakamwa. Ananena zonse, monga anandiuzira m'shedi, mpaka mawu aja akuti tiye. Ananenanso za pepala la kuchipatala, ndi kuti dzanja limene linasaina ndi ili.

"Wapenga uyu!" anakuwa a Sajeni. "Mukanakhala inu mukanatani? Bomba linali litagwa! M'lole munali anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi! Ndikanadikira tikanafa tonse!"

Mwina zinali zoona. Ndaganizapo kambiri, ndipo mwina zinali zoona. Koma ponena zimenezo anali atavomera, ndipo aliyense anamva kuti avomera. Wamasiye anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anaika nkhata yake pansi pa chipilala, napita pamene panaima amayi anga, nagwada pafumbi ndi zovala zake zoyera. Amayi anamupapasa kumutu kuti adziwe kuti ndi ndani, atadziwa anachotsa dzanja.

"Dzuka, udetsa diresi," anatero. "Sindinathane nawo awo. Sanawerenge."

Bwana wa kulikulu anabweza chimkuzamawu kwa a Sajeni. "Bambo, munati muwerenga mayina onse ali pamwalapa," anatero mwaulemu. "Yambirani pamwamba."

Anawerenga. Mawu anatuluka ngati a munthu wotsamwa.

"Sindinamve," anatero amayi. "Makutu angawa ndi akale."

Anabwereza.

"Kodi chimkuzamawucho chafa? Mmene munkanena za kulimba mtima chimamveka bwinobwino."

Kachitatu anakuwa dzinalo mpaka mawu anasweka, ndipo linamveka m'zipupa za holo. Amayi anakhala pansi, nakonza mpango wawo. "Eya," anatero. "Ndi ameneyo." Ine ndinaima kumbuyo kwawo, ndipo ndinkafuna kuti awerengenso kachinayi, kachisanu, mpaka dzuwa kulowa. Mayina otsalawo anamaliza ndi a Hedimasitala.

Sanandimange. Komiti inakumana Lolemba, anthu atatu okha, ndipo inagwirizana zomata mizere iwiri ija ndi simenti. Anamata Lachiwiri. Lachitatu m'mawa Wamasiye anabwera ndi mpeni wa kukhitchini ndi ndowa ya madzi, nakwera pa mpando, n'kupala simentiyo anthu opita kumsika akuonerera. Palibe anamatanso. Bwana uja anatumiza anthu kudzalemba umboni wa a Telala, ndipo patapita miyezi isanu ndi iwiri tinalandira kalata yakuti achimwene anga anafa ali pa ntchito, akupulumutsa mnzawo, ndi kuti kalata yoyamba ija ndi yofafanizidwa. Amayi anati ndiwawerengere kawiri. Kenako anati ndiwaperekeze pageti pa a Sajeni ndikawerengenso kumeneko. Ndinawerenga mokweza, makatani a pawindo akugwedera.

A Sajeni anasiya kudutsa pamphambano. Popita kuchipatala ankazungulira kuseri kwa chigayo, njira ya matope imene amadutsa abulu. Kenako anasiya kutuluka n'komwe. Abusa anabwera kushedi kudzandiuza za kukhululuka, akuti munthuyo wakalamba, akudwala, ndipo kumuona kokha kukhoza kumupeputsa mtima. Ndinawafunsa ngati anapitako kwa a Sajeni nthawi imene bambo anga ankadwala, kukawauza kuti abwere adzawapeputse mtima. Anati nthawi imeneyo anali asanabwere m'tauni muno. Ndinati ndiye adikire, nanenso ndidzakhululuka akadzabwera abusa ena. A Telala amandipatsa moni ndikamadutsa pakhonde pawo. Ndimayankha, chifukwa analankhula, koma zovala zanga ndimakasoketsa kwina.

A Sajeni anamwalira chaka chotsatira, nthawi ya dzinja. Kumaliro sindinapite. Patatha miyezi itatu kunabwera mwana wawo wamkazi, namwino wa kuchipatala chathu, mayi wofatsa amene anathandiza mwana wanga pobereka ndipo anagwira ntchito yake bwino. Anaima pakhomo la shedi atagwira kapepala.

"Ndikudziwa kuti simungafune," anatero, "koma kuno kulibe wina."

Ndinalandira kapepalako. Panali dzina, masiku, ndi mizere iwiri: Tate wachikondi. Ngwazi ya dziko lake.

"Dzina ndisema," ndinatero. "Masiku ndisema. Tate wachikondi ndisemanso, poti zimenezo mukuzidziwa ndinu, ine sindingatsutse. Mzere womalizawu ayi."

"Anasankha okha asanamwalire."

"Ndikukhulupirira."

"Amisiri, bambo anga anakhala chaka chathunthu m'chipinda, makatani otseka. Anakana kudya. Ankadzuka akukuwa dzina la mng'ono wawo. Munawapha ndinu, pang'onopang'ono, ine ndikuwasambitsa. Sizinakukwanireni?"

Ndinamuyang'ana. Maso ake anali ofiira, ndipo iye sanandilakwire chilichonse. Ndinafufuza mumtima mwanga ngati muli kanthu kofewa koti ndimupatse.

"Bambo anu chaka chimodzi," ndinatero. "Bambo anga zisanu ndi zinayi. Sizinandikwanire."

Anatenga kapepala kake, nakapinda bwinobwino, n'kupita osatsanzika. Chilizacho anakagula kumzinda, kwa anthu olemba ndi makina. Chinabwera pa lole, chonyezimira, mawu onse alipo.

Mlungu wathawu ndinali kumanda kukaimika chiliza cha munthu wina, ndipo pobwerera ndinadutsira pamenepo. Ndinagwada, n'kulowetsa chikhadabo m'chilembo choyamba cha mzere womalizawo. Sichinalowe n'komwe. Makina aja amangokanda pamwamba, ndipo mwalawo ndi wofewa, wa mtundu umene umafumbutuka ndi mvula. Ndikuupatsa zaka khumi, zikachuluka khumi ndi ziwiri. Ine ndili ndi makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo kwathu akazi sitifa msanga.